NAPOLO NDI DZIKO LA M'MBALI MWA NYANJA: MBIRI YA KUGUMUKA KWA MAPIRI

Pakati pa anthu a m'boma la Salima pali ganizo lakuti nkhani za Napolo nza anthu a ku Zomba, a ku Mulanje ndi a ku Phalombe, amene amamanga nyumba zao m'tsinde mwa mapiri atali. Ganizo limeneli liri ndi pogwira pace, pakuti munthu woyenda pansi kucokera ku Chipoka kufikira kwa Khombedza amaponda cidikha cokha cokha ca mcenga ndi makande, ndipo kupatula timapiri ta ku Senga saona phiri loti lingamgwere. Koma munthu yemweyo akaima pa gombe nafulatira nyanja, aona kumadzulo mzere wa mapiri wosadukiza, kuyambira ku mapiri a Dedza kufikira ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Mitsinje yonse imene anthu a ku Salima amamwa imatsika m'mapiri amenewo, ndipo ciri conse cosunthika kumtundako, mapeto ace cimafika kunsi kuno. Cifukwa cace kwayenera kuti m'lipoti la caka cino mulembedwe mbiri ya kugumuka kwa mapiri ndi magombe, kuti mamembala a Bungwe adziwe mitundu yace, zoyambitsa zace, ndi zimene zinaoneka m'zaka zapitazo.

Napolo wa Makolo

Akuru akale sanali osapenya. Iwo anaona kuti nthawi zina, mvula ikabvumba masiku angapo osaleka, phiri limabangula usiku, ndipo kukaca pamaoneka njira yatsopano yofiira kuyambira pamwamba kufikira kudambo, mitengo itazuka, miyala yonga nkhokwe itaunjikana pamene panali minda. Anati m'kati mwa phiri mumakhala cinjoka cacikuru, dzina lace Napolo, ndipo cikatopa ndi malo ace cimaturuka ulendo wa kunyanja, cikuononga zonse zokhala m'njira mwace. Ena anati pakudutsa pace pamamveka ngati ng'oma.

M'nkhani imeneyi muli zinthu zitatu zimene ophunzira za miyala a masiku ano amabvomereza. Coyamba, Napolo amayenda nyengo ya mvula yambiri. Caciwiri, amatsata makwawa ndi mitsinje, kucokera kuphiri kunka kunyanja. Cacitatu, pamene anadutsa kale amadzadutsanso. Akuru pofotokoza za njoka analikuphunzitsa ana ao malo osayenera kumangapo mudzi. Mwambi uja wakuti madzi saiwala khwawa unena comweco m'mau ocepa.

Kapangidwe ka Dziko la Salima

Nyanja ya Malawi iri m'cigwa cacikuru cimene cinayamba pamene nthaka ya Afrika inang'ambika kale lomwe, mbali ya pakati nititimira. Mng'alu umenewu umayambira ku Nyanja Yofiira, nudzera ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, kufikira ku Mozambique. Katswiri wa miyala Frank Dixey, amene anayamba nchito m'Boma la Nyasaland m'caka ca 1921, anayenda kwambiri m'dziko muno nalemba za kapangidwe ka cigwa cimeneci. Mapiri a kumadzulo kwa Salima ndiwo mlomo wa mng'aluwo.

Madzi a nyanja ali pa msinkhu wa mapazi ngati 1,550 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene Lilongwe ali pa mapazi ngati 3,500, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ipitirira mapazi 7,000. Cotero Linthipe, Lilongwe, Lifidzi ndi Lingadzi pofuna kufika kunyanja amatsika matsitso akuru pa mtunda waufupi, akudula zigwembe zakuya m'mbali mwa mapiri. Akafika pa cidikha liwiro lao limatha, natula katundu wao. Mcenga, nsangalabwi ndi dothi lakuda limene anthu amalimapo thonje, cimanga ndi mpunga kwa Pemba, kwa Ndindi ndi kwa Maganga, zonsezo zinali kumapiri kale. Cidikha ca Salima cinamangidwa ndi kugumuka kwa mapiri pa zaka zikwi zambiri, ndipo nchito imeneyo siinathe ai.

Mitundu ya Kugumuka

Mphamvu imene imagwetsa mango kucokera mu mtengo ndiyo yomwe imakokera dothi ndi miyala kunsi. Dothi la pa matsitso limakhala pamalo pace cifukwa lagwirana lokha lokha, lagwirana ndi thanthwe la pansi, ndiponso lamangidwa ndi mizu. Tsiku limene kulemera kwace kuposa kugwirana kwace, limanyamuka. David Varnes wa ku America, m'caka ca 1958, ndiponso kaciwiri m'caka ca 1978, anagawa mayendedwe amenewa poyang'ana cinthu coyendaco, kaya ndi mwala, kaya ndi dothi, ndi kayendedwe kace. Mitundu yoyenera kuidziwa anthu a kuno ndi iyi.

Woyamba ndiwo kugwa kwa miyala. Dzuwa likatentha thanthwe usana, usiku nilizizira, pamabadwa ming'alu. Madzi ndi mizu zimalowa m'menemo nizikulitsa ming'aluyo, kufikira cidutswa cithothoka nicigubuduzika. Oyenda pa mseu wa ku Chiweta, m'boma la Rumphi, amadziwa za miyala yotseka njira nyengo ya dzinja.

Waciwiri ndiwo kutsetsereka. Pa mapiri ambiri dothi nlocepa, longoyala pa thanthwe losalala monga mphasa yoyala pa tsindwi. Madzi akalowa pakati pa dothi ndi thanthwe, cigamba conse cimatsetsereka pamodzi ndi mitengo yace, nicisiya mwala woyera poyera. Zipsera zooneka patali pa mapiri a Zomba, Mulanje ndi Michesi zinabadwa motero.

Wacitatu ndiwo kutitimira. Kumeneku kumacitika pa dothi lakuya la dongo. Pamwamba pamayamba mng'alu wokhota ngati uta, mbali ya kunsi nikhala pansi pang'ono pang'ono, ndi kuturutsa mimba m'tsinde mwace. Munda umodzi umasanduka masitepe awiri kapena atatu, ndipo nyumba yokhala pamenepo imang'ambika pakati.

Wacinai ndiwo Napolo weni weni, ndiko kuyenda kwa matope. Dothi lotsetsereka likagwera m'khwawa lodzala madzi, limasanganikirana ndi miyala ndi zipika, nilisanduka phala lolemera. Phala limeneli limathamanga koposa munthu, ndipo popeza nlolemera koposa madzi, limayandamitsa miyala imene ng'ombe makumi awiri sizingathe kuikoka. Phokoso longa ng'oma limene akuru anamva ndilo kugundana kwa miyala imeneyo. Mwa mitundu yonse, uwu ndiwo watha anthu ambiri m'dziko muno, pakuti umafika kutali ndi phiri, kwa anthu amene amayesa kuti ali pabwino.

Wacisanu ndiwo kukwawa kwa nthaka. Uku sikumveka ndipo sikuoneka ndi maso tsiku limodzi. Dothi likanyowa limatupa, likauma limafota, ndipo caka ndi caka limasendera kunsi pang'ono. Mboni zace ndizo mitengo yokhota m'tsinde, mipanda yopendama, ndi zitseko zimene zinkatsekeka bwino koma tsopano zikana.

Wacisanu ndi cimodzi ndiwo kugumuka kwa magombe, ndipo uwu ndiwo wa anthu a ku Salima eni ace. Mtsinje wodzala umakumba pansi pa gombe, pamwamba nipatsala polenjekeka. Madzi akayamba kuphwera, gombe lokhuta madzi lija limasowa cotsamira, niligwa, kutenga dimba, nthoci, ngakhale manda. Mafunde a mwera amacita comweco pa gombe la nyanja, makamaka zaka zimene nyanja yakwera, monga m'caka ca 1980 ndi ca 2024, pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja.

Coyambitsa Coyamba: Madzi. Zomba, 1946

M'mwezi wa December 1946, pamene Zomba anali mudzi wa Bwanamkubwa ndi maofesi onse a Boma, namondwe wocokera ku nyanja ya India anafika pa phiri la Zomba. M'masiku awiri okha kunagwa mvula yoposa mainchi 20, ndiyo pafupi fupi theka la mvula imene dziko la Salima limalandira caka cathunthu. Mbali za phiri zinatsetsereka malo ambiri. Mitsinje yotsika m'phirimo, monga Mulunguzi, inasanduka misewu ya miyala ndi zipika. Milatho inacoka, magetsi anazima, mipope ya madzi inaduka, ndipo mudzi wa Ntiya unafafanizika. Anthu oposa 20 anafa, ndipo mmodzi wa iwo anali Mzungu woyang'anira ndende zonse za m'dziko. Anthu anati Napolo wacoka m'phiri kunka ku nyanja ya Chilwa. Panapekedwa nyimbo imene inamveka dziko lonse, ndipo patapita zaka, Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba komweko, anasindikiza buku la ndakatulo lochedwa Napolo Poems m'caka ca 1987.

Madzi amagumula phiri m'njira ziwiri. Amalemeretsa dothi, monga bulangete lonyowa lilemera koposa louma. Koma coopsa kwambiri ndi ici: madzi akadzaza timipata tonse ta m'dothi, amakankha timbewu ta dothi kuti tilekane, ndipo kugwirana kuja kumatha. Mai ali yense woumba mbiya adziwa kuti dongo la madzi oyenera limaima, koma likapyola muyeso limangoyenderera. Cifukwa cace mvula yoopsa siiri ya tsiku loyamba la dzinja ai, koma yogwa pa nthaka yokhuta kale, yosaleka usana ndi usiku.

Coyambitsa Caciwiri: Cibvomezi. Salima, 1989

Popeza cigwa ca nyanja cikali kung'ambika, dziko lino ndi la zibvomezi. Akuru ambiri a m'Bungwe lino akumbukira usiku wa pa 10 March 1989, pamene nthaka inagwedezeka ndi mphamvu yoposa 6 pa muyeso wa Richter, kutacitika cibvomezi cina cocepa dzulo lace. Cimake cace cinali m'dera la Salima lomwe lino. Anthu 9 anafa, ngati 100 anabvulala, ndipo ngati 50,000 anasowa pogona m'maboma a cigawo ca pakati. Kugwedezekako kunamveka kufikira ku Zambia, ndi ku Tete ndi Niassa m'dziko la Mozambique. M'mwezi wa December 2009 zibvomezi zotsatana zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, ndipo nthaka inang'ambika poyera.

Cibvomezi cimagwedeza miyala yolenjekeka, cimatsegula ming'alu yolowera madzi, ndipo mcenga wonyowa wa m'mbali mwa nyanja cikhoza kuusandutsa phala kwa kanthawi, nyumba nititimira. Phiri logwedezeka caka cino likhoza kudikira mvula ya caka ca mawa kuti ligwe. Ku Peru, pa 31 May 1970, cibvomezi cinathothola mbali ya phiri la Huascarán, ndipo matope ace anakwirira mudzi wa Yungay ndi anthu ace zikwi zambiri m'mphindi zowerengeka. Cofunika kucisunga mumtima ndi cakuti cibvomezi ca ku Salima cinadza m'mwezi wa March, pamene nthaka inali yokhuta madzi. Palibe munthu angaletse cibvomezi, koma munthu akhoza kusankha pomanga nyumba yace.

Phalombe, 1991, ndi Namondwe wa 2023

Zitapita zaka ziwiri, pa tsiku lomwelo la 10 March, m'caka ca 1991, phiri la Michesi linagumuka malo ambiri itagwa mvula ya masiku angapo. Matope ndi miyala zinatsata mitsinje nizigwera pa midzi ndi pa malo a malonda a Phalombe. Anthu ngati 500 anatayika, ndipo ambiri a iwo mitembo yao siinapezeke. Minda inakwiririka ndi mcenga ndi miyala, kotero kuti otsala anasowa ndi polima pomwe. Tsoka limeneli ndilo linacititsa Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa, m'caka comweco, lamulo loyamba lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kuthandiza obvutika. M'caka ca 2003 zinaonekanso kumpoto, ku Ntchenachena m'boma la Rumphi, kumene matsitso olimidwa anatsetsereka malo ambiri, kupha anthu ndi kutenga minda.

Koma tsoka loposa onse linadza m'mwezi wa March 2023. Namondwe wochedwa Freddy, amene anabadwira kufupi ndi Australia nayenda pa nyanja masabata oposa asanu, analowa pa mtunda kufupi ndi Quelimane, nakhuthula mvula pa cigawo ca kumwera masiku atatu. Phiri la Soche linagumukira pa nyumba za ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre anthu ali m'tulo. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unakokoloka. Mulanje ndi Phalombe analiranso maliro. Akufa pamodzi ndi osowa anaposa 1,000, ndipo Boma linalamula masiku 14 a kulira. Zaka zinai m'mbuyo mwace, namondwe Idai anacita zomwezo ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe.

Poyerekeza 1946 ndi 2023 pali cinthu cimodzi coonekera. Mvula inali yoopsa nthawi zonse ziwiri, koma m'caka ca 1946 m'njira ya Napolo munali midzi yowerengeka, pamene m'caka ca 2023 munali nyumba zothithikana zokwera m'phiri lometedwa mpala. Cimene cinasintha kwambiri si phiri ai, koma anthu okhala pansi pace.

Coyambitsa Cacitatu: Dzanja la Munthu

Mtengo umagwira phiri monga luzi ligwira phaso. Mizu yace imalowa m'ming'alu ya thanthwe nimangirira dothi pamenepo. Masamba ace amalandira mvula kuti isamenye nthaka mwaukali. Ndipo tsiku liri lonse umamwa madzi a pansi. Mtengo ukadulidwa, phiri silicita kanthu caka comweco, cifukwa mizu ikali yolimba. Koma pakapita zaka zingapo mizu imaola, nisiya mauna olowera madzi. Wodula mtengo amakhala ataiwala kale, ndipo tsoka likadza amati ndi malodza. Nkoyenera kunena zoona, kuti mvula yonga ya 1946 ikhoza kugumula ngakhale phiri la nkhalango yosakhudzidwa. Koma phiri lopanda mitengo limagwa ndi mvula yocepa, ndipo limagwa kawiri kawiri.

Mitengo ya m'mapiri a kumadzulo kwa Salima iri ndi adani ambiri: ng'anjo za makala opita ku Lilongwe, nkhuni zoocera njerwa, zowambira nsomba ndi zociritsira fodya, minda yatsopano yokwera m'matsitso, ndi moto wa lupsa wa alenje a mbewa umene umasiya nthaka yamarisece pofika mvula yoyamba. Nkhalango ya Thuma inapatulidwa ndi Boma m'caka ca 1926, ndipo ya Dedza-Salima inapatulidwa pambuyo pa ufulu. Anthu ambiri amayesa kuti nkhalango zimenezi zinasungidwira njobvu zokha, osadziwa kuti ndizo cipupa coteteza minda ya kunsi.

Njira yina imene munthu amaputira phiri ndiyo kulidula mapazi. Njanji inafika ku Salima m'caka ca 1935 kucokera ku Blantyre, ndipo m'caka ca 1979 inakwera mapiri kufika ku Lilongwe. Njanjiyo, pamodzi ndi mseu wa ku Lilongwe ndi uja wokhotakhota wocokera ku Golomoti kukwera ku Dedza, zinapita mwa kusema mbali za mapiri. Pali ponse pamene tsinde la citunda lasemedwa, dothi la pamwamba lataya cotsamira cace, ndipo ngalande za pamenepo zikatsekeka madzi amalowa m'dothi m'malo moyenda. Wokumba miyala, wokumba mcenga m'gombe la mtsinje, ndi wosalaza malo a nyumba pa matsitso, onsewo acita cimodzimodzi pa muyeso wocepa. Kuunjika katundu pamwamba nkoopsanso. Ku Aberfan, m'dziko la Wales, mulu wa zinyalala za mgodi wa malasha unaunjikidwa pa akasupe. Pa 21 October 1966 unatsetsereka nukwirira sukulu, nupha anthu 144, mwa iwo ana 116.

Dothi locoka kumapiri silithera m'minda mokha ai. Limakwirira mitsinje, kotero kuti Linthipe ndi Lifidzi amasefukira ndi madzi amene kale akadakwana m'khwawa mwao. Lotsala limalowa m'nyanja, ndipo nyengo ya dzinja madzi ofiira a Linthipe amaoneka kutali, kuloza ku zilumba za Maleri. Matope amenewo amakwirira miyala ya m'mitsinje imene mpasa zimaswerapo, ndi mcenga umene cambo cimakumbapo zisa zace. Conco nkhwangwa yolira ku Thuma imamveka m'khoka la msodzi wa ku Senga Bay.

Phunziro la Malimidwe

Mamembala acikulire adzati nkhani yosunga nthaka anaimva kale, ndipo inadza ndi misozi. Nzoona. Kuyambira m'caka ca 1946, ndi kulimbikitsidwa m'caka ca 1949, Boma la Atsamunda linaika malamulo okakamiza anthu kusiya matutu ndi kulima mizere yopingasa, kukumba migula, ndi kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje. Wolakwa ankalipitsidwa, kapena kumangidwa, ndipo ena anazuliridwa mbeu zao. Akapitao a malimidwe anadedwa koposa okhometsa msonkho. Udani umenewu unasanganikirana ndi udani wa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'caka ca 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inacotsedwa pa mpando itauza anthu ace kuti asamvere malamulo amenewo. Pambuyo pa cisankho ca 1961 kukakamizako kunatha, ndipo m'malo ambiri anthu anagumula migula ndi cimwemwe, ngati cizindikiro ca ufulu.

Kunena mosakondera, zambiri za m'malamulo aja zinali zoona: mzere wopingasa umagwiradi madzi, ndipo gombe la bango siligumuka msanga. Colakwa cinali cikoti. Anthu sanafunsidwe, nzeru za makolo ao zinanyozedwa, ndipo nchito yolemetsa inagwera amai amene amuna ao anali ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku minda ya ku Rhodesia. Cinthu cabwino cinadedwa cifukwa ca dzanja limene linacibweretsa. Phunziro lace nlakuti phiri silisungidwa ndi mantha a ndende, koma ndi pangano la eni dziko, lopangana pa bwalo pamaso pa mafumu ao. Apa ndipo pali nchito ya Bungwe longa lino, pakuti mau a mbale amalowa pamene mau a kapitao akanika.

Zizindikiro Zoyenera Kuzidziwa

Akuru anati cakudza siciyimba ng'oma, koma Napolo yekha amayimba, ndipo womvetsera akhoza kupulumuka. Onse amene anafufuza ngozi zimenezi amachula zizindikiro zofanana. Mng'alu watsopano pamwamba pa munda kapena kuseri kwa nyumba, umene ukukula tsiku ndi tsiku. Kasupe wotumphuka pamene panalibe madzi, kapena citsime cobvunduka mwadzidzidzi. Mitengo ndi mizati yoyamba kupendama. Timiyala togubuduzika tokha popanda mbuzi kapena nyani. Kugunda kwa pansi konga galimoto lalikuru losafika.

Kwa anthu a kunsi, cizindikiro coposa zonse ndi ici: mtsinje ukaphwera mwadzidzidzi mvula iri mkati kumapiri, pasakhale wokondwera kapena wotsikira kukagwira nsomba. Kutero ndiye kuti dothi lagwa kumtunda nilitseka khwawa, madzi alikuunjikana kuseri, ndipo pophulika adzafika onse nthawi imodzi. Pothawa matope munthu asathamangire kunsi motsata khwawa, pakuti adzampeza. Athawire cam'mbali, kukwera pamtunda. Katundu asiyidwe. Ambiri a ku Chilobwe anafa usiku, cifukwa cace mvula ikapitirira usiku waciwiri, mudzi wokhala pakamwa pa cigwembe usagone wonse.

Mau Otsiriza

Mbiri iyi yayenda kucokera ku Zomba kufikira ku Rumphi, koma mutu wace uli pa Salima. Boma lino liri nazo zonse zitatu zoitana Napolo: matsitso akuru kumadzulo, nthaka yogwedezeka pansi, ndi nkhwangwa m'nkhalango. Ziwiri zoyambazo nza Mlengi; cacitatu ciri m'manja mwa anthu. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Cotero mamembala a nthambi zonse apemphedwa kutengera nkhani iyi ku midzi yao. Akhale pansi ndi mafumu ndi anyakwawa, afunse nkhalamba pamene madzi anafika m'zaka zakale ndi pamene mtsinje unkayenda usanasinthe njira, ndipo malo amenewo adziwike kwa ali yense wopempha pomanga. Miyala yaikuru yobulungira yopezeka pakati pa munda, kutali ndi phiri, iwerengedwe ngati mboni, pakuti siinamere pamenepo. M'magombe a Linthipe, Lifidzi ndi Lingadzi mubwerere bango, nsenjere, nsungwi ndi mikuyu, ndipo wolima dimba asiye mpata pakati pa khasu lace ndi madzi. Aphunzitsi aphunzitse ana zizindikiro zija monga aphunzitsa kuwerenga. Ndipo wogula thumba la makala pa mseu wa ku Lilongwe adziwe kuti dothi limene mtengo umenewo unkagwira lidzamtsata kwao, mwina caka cino, mwina m'masiku a zidzukulu zace.